Netiweki, bando, linki: zimene ndimawauza anthu obwera kushopu kwanga

Ntchito yanga ndi yojambula mapepala, kulemba makalata pa kompyuta ndi kusindikiza, m'kashopu kakang'ono kufupi ndi depoti ya mabasi kuno ku Mzuzu. Koma mbali yaikulu ya tsiku imathera pa ntchito imene sindilipiritsa, yofotokozera anthu zimene foni yawo ikunena. Munthu amabwera kuti ndimusindikizire kalata yofunsira ntchito, ndikamuuza kuti aitumize pa imelo, amangondipatsa foni yonse m'manja pamodzi ndi pasiwedi, n'kunena kuti, "Pangani nokha sisi, ine izi sindizitsata." Otero si agogo okha ayi. Aphunzitsi amatero, anyamata a kabaza amatero, amayi ogulitsa zitenje ku Taifa amatero, ngakhale ana amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo zala zawo sizichoka pa TikTok.

Zimenezi zimandidetsa nkhawa. Amene wandipatsa ine foni ndi pasiwedi lero adzapatsanso wina mawa, ndipo winayo mwina sadzakhala ndi mtima wofuna kuthandiza. Chonsecho mawu ofunika kuwadziwa ndi owerengeka chabe. Munthu akangodziwa kuti chinthu ichi dzina lake ndi chakuti ndipo ntchito yake ndi yakuti, amayamba kugwira yekha foni yake, amawononga ndalama zochepa pa data, ndipo wakuba amavutika kumulowa. Ndiye ndati ndilembe momwe ndimafotokozera pakauntala, m'Chichewa chimene timayankhula tsiku ndi tsiku.

Ambiri akamati intaneti amatanthauza Facebook kapena WhatsApp, chifukwa ndi zimene anayamba kuziona atagula foni ya tachi. Intaneti yeniyeni ndi makompyuta ndi mafoni a padziko lonse lapansi amene ndi olumikizana ndipo amatsatira njira imodzi yotumizirana zinthu. Ndimawauza kuti aganize za msewu wa M1. Msewuwo ndi umodzi, koma pamadutsa mabasi a ku Karonga, malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, maminibasi a ku Ekwendeni ndi njinga. Msewuwo ndiye intaneti, ndipo WhatsApp, Facebook, YouTube ndi imelo ndi zoyenda pamsewupo. Basi imodzi ikafa, sikuti msewu watsekedwa. Choncho tsiku limene Facebook yakana kutseguka, yesani kaye kutsegula china musanathamangire kwa okonza mafoni.

Intaneti inayambira ku America mu 1969, ikutchedwa ARPANET, ndi ndalama za unduna wa zachitetezo wa dzikolo, ndipo pakutha pa chaka chimenecho malo olumikizidwa anali 4 okha. Mu 1983 anasamukira ku malamulo otumizirana uthenga otchedwa TCP/IP, omwe akugwirabe ntchito mpaka lero m'foni imene ili m'thumba mwanumo. Palibe kampani imodzi kapena boma limodzi limene lingati intaneti ndi yanga.

Chimene anthu amadabwa nacho kwambiri ndikawauza ndi chakuti uthenga wawo suyenda m'mwamba ulendo wonse. M'mwamba umayenda kamtunda kochepa, kuchoka pa foni kukafika pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu. Ukachoka pamenepo, mbali yaikulu ya ulendo umayenda m'zingwe za faiba, zomwe mkati mwake muli timaulusi ta galasi todutsamo kuwala. Zingwezi zina anazikwirira pansi m'mbali mwa misewu, zina anazipachika pa mapolo a magetsi. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, ndiye timadalira anzathu otizungulira, makamaka Tanzania ndi Mozambique, kuti tikafike ku zingwe zikuluzikulu zimene zinayalidwa pansi pa nyanja ya India. Chimodzi ndi SEACOM chimene chinayamba ntchito mu 2009, china ndi EASSy cha mu 2010, ndipo zonse ziwiri zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Mu Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka m'nyanja, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a mbali ino ya Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. Masiku amenewo anthu ankabwera kushopu atakwiya ndi mafoni awo, ena akufuna kuwafufutitsa zonse kuti mwina ayambe kuthamanga. Ndinkawapempha kuti adikire, chifukwa vuto linali pansi pa madzi kutali kwambiri ndi Katoto, ndipo panafunika sitima yapamadzi kuti ikakonze.

Kenako pali netiweki ndi data, zomwe anthu amaziphatikiza ngati chinthu chimodzi. Timizere timene tili pamwamba pa sikirini timangosonyeza kuti foni yanu ikumvana bwanji ndi nsanja. Tikhoza kudzaza tonse koma inu osatha kutsegula kalikonse, chifukwa bando yatha kapena simunayatse data. Pambali pa timizereto pamakhala kachilembo. Mukaona E, dziwani kuti muli pa netiweki yakale yoyenda pang'onopang'ono, yongokwanira mauthenga a mawu olemba. 3G, H kapena H+ ndi yabwinoko. 4G kapena LTE ndi imene imakoka kanema osadukaduka. G ameneyu akungotanthauza m'badwo wa netiweki, ndipo sakukhudzana ndi GB ya bando. Mukamayenda m'Chikangawa kapena potsika mapiri opita ku Nkhata Bay mudzaona kachilemboka kakusinthasintha, penanso kuzimiririka, malingana ndi kutalika kwa nsanja ndi mapiri amene atchinga.

Data ndi muyezo wa zinthu zimene zalowa ndi kutuluka m'foni kudzera pa intaneti. Timaiyeza m'ma KB, ma MB ndi ma GB. Ma KB pafupifupi 1,000 amapanga MB imodzi, ndipo ma MB pafupifupi 1,000 amapanga GB imodzi. Uthenga wa mawu olemba ndi wopepuka kwambiri moti mukhoza kucheza tsiku lonse osamaliza ma MB ochepa. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimatha kulemera ma MB 2, 3 kapena kuposa. Kanema ndiye amene amameza bando. Ola limodzi pa YouTube limatha kudya ma MB mazana angapo, ndipo ngati kanemayo mwamuika pa mlingo wooneka bwino kwambiri wa 1080p akhoza kupitirira GB yathunthu. Pa sikirini ya foni, mlingo wotsika wa 360p umaoneka bwino ndithu, ndipo ine ndi pamene ndimaika.

Pa nkhani ya bando ndi pamene pamathera ndalama za anthu, ndiye ndikhalapo pang'ono. Kasitomala wina, bambo wachikulire wa ku Zolozolo, anabwera akudandaula kuti bando ya sabata imamuthera masiku awiri pomwe iye saonera makanema. Nditamupempha kuti atsegule WhatsApp yake ndinapeza kuti ali m'magulu ambirimbiri: la kutchalitchi, la banja, la banki m'khonde, la anzake amene anapuma nawo pantchito, la maliro amene anachitika kalekale koma gulu silinatsekedwe. Kanema aliyense wotumizidwa m'magulu amenewa ankalowa yekha m'foni, bamboyo asanamukhudze n'komwe. Ndinawaonetsa polowera: Settings, kenako Storage and data, n'kuchotsa chilolezo choti zithunzi ndi makanema zizidzidawuniloda zokha pa data ya m'foni. "Ndiye mwana wanga, zonsezi ndimalipira ine osaziona?" anafunsa motero. Ndinawayankha kuti, "Eya bambo, koma kuyambira lero muzisankha nokha choti mutsegule." Chinthu china chodya mwakachetechete ndi Play Store, kumene timatenga mapulogalamu a m'foni otchedwa ma app, imene imatha kumakonzanso ma app onse pa data yanu ngati simunaiuze kuti izidikira Wi-Fi. Ndiponso pali mabando a chinthu chimodzi, monga ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Ndi otchipa, koma wina akakutumizirani linki yopita kwina, siitseguka, kapena imayamba kudya mayunitsi anu oimbira. Musanagule bando werengani bwino ngati ndi ya zonse kapena ya chinthu chimodzi, komanso tsiku limene ithere.

Wi-Fi ndi njira ina chabe yofikira pa intaneti yomweyo. M'malo moti foni iyankhule ndi nsanja ya kampani ya mafoni, imayankhula ndi kabokosi kotchedwa rauta kamene kali m'nyumba, mu ofesi kapena pasukulu, ndipo kabokosiko ndi kamene kalumikizidwa kunja. Wi-Fi imafika mamita ochepa okha, ndipo pali munthu wina amene akuilipira ngakhale inu mukuiona ngati yaulere. Hotspot ndi pamene foni yanu mwaisandutsa rauta kuti mnzanu kapena laputopu igwiritse ntchito bando yanu. Muziikapo pasiwedi, ndipo muzidziwa kuti laputopu imadya data mwamsanga kuposa foni chifukwa ikangolumikizidwa imayamba kudzikonza yokha.

Tsopano webu, imene ndi zija zimayamba ndi www. Iyi inabwera intaneti ilipo kale kwa zaka 20. Mngelezi wina, Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi kufupi ndi Geneva ku Switzerland, anapereka ganizo mu 1989 loti zolemba za pa makompyuta osiyanasiyana zizilozerana, munthu akadina pa mawu ena azifika pa cholemba china. Mu 1993 a CERN analengeza kuti aliyense akhoza kugwiritsa ntchito luso limeneli osalipira kanthu. Ndimaiganizira nkhani imeneyi kawirikawiri, chifukwa akanaikapo mtengo sindikudziwa ngati mwana wa ku Mchengautuwa akanamatha kuwerenga za sayansi pa foni ya amayi ake usiku. Webusaiti ndi masamba a bungwe limodzi kapena munthu mmodzi amene asonkhanitsidwa pa adiresi imodzi. Kuti muwaone mumafunika browser, imene ndi pulogalamu yotsegulira masamba. Chrome ndi browser, Firefox ndi browser, Safari ya m'ma iPhone ndi browser, Opera Mini nayonso. Opera Mini anthu anaikonda kuyambira nthawi ya mafoni a mabatani chifukwa imayamba yapanikiza tsamba pa makompyuta ake isanakutumizireni, ndiye data imapita yochepa.

Google imene timafufuzirapo zinthu ndi ina. Inakhazikitsidwa mu 1998 ndi Larry Page ndi Sergey Brin, ndipo ntchito yake ndi kukuonetsani masamba a anthu ena amene ali ndi mawu amene mwalemba. Ophunzira akabwera kudzasindikiza ntchito ya kusukulu amakonda kunena kuti "ndazipeza pa Google", ndipo ine ndimawafunsa kuti Google yakutengerani pa tsamba la ndani. Tsamba la unduna, la yunivesite, la nyuzipepala ndi la munthu wongolemba maganizo ake onse amatuluka pamodzi motsatizana. Komanso zina zimene zili pamwamba penipeni, zolembedwa kuti Sponsored, zili pamenepo chifukwa eni ake alipira.

Chimene ndimafunitsitsa kuti munthu aliyense achidziwe ndi kuwerenga adiresi ya tsamba, imene ena amaitcha URL. Ndi mawu aja amakhala m'kabokosi ka pamwamba pa browser. Titenge adiresi ya yunivesite yathu ya ku Luwinga, mzuni.ac.mw. Tiyambire kumapeto. Zilembo za mw zikutanthauza Malawi, monga tz ili ya Tanzania, zm ya Zambia ndi za ya South Africa. Zilembo za ac zimaperekedwa ku sukulu za ukachenjede, ndipo masamba ambiri a boma amathera ndi gov.mw. Kenako mzuni ndilo dzina la mwini tsamba. Dzina lonselo pamodzi limatchedwa domain. Makompyuta okha sadziwa maina, amadziwana ndi manambala otchedwa IP address, ndiye mukalemba dzina pali dongosolo lotchedwa DNS limene limafufuza nambala yogwirizana ndi dzinalo m'kanthawi kochepa inu osaona.

Ubwino wodziwa izi ndi wakuti wakuba akhoza kukopera chizindikiro cha banki, mitundu yake ndi zithunzi zake zonse, koma sangatenge domain ya bankiyo. Chimene amachita ndi kupanga dzina lofananako, kusintha chilembo chimodzi, kapena kuika dzina la banki kumayambiriro kwa adiresi yaitali imene mwini wake weniweni wabisala chakumapeto. Muziyang'ana mawu amene ali kumapeto kwa dzina, musanafike pa kamzere kopendekeka koyamba kotsatira dzinalo. Pamenepo ndi pamene pali mwini tsamba. Zilembo za https kumayambiriro zimatanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda zobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo, moti wina wapanjira sangaziwerenge. Ndi zofunika, ndipo musamalembe pasiwedi pa tsamba limene lilibe s ameneyo. Koma sizitanthauza kuti mwini tsambayo ndi wokhulupirika, chifukwa masiku ano akuba nawonso masamba awo ali ndi https.

Linki ndi adiresi yomweyo imene aiika moti mukangoidina ikutengereni kumeneko. Zambiri zimene zimazungulira m'magulu a WhatsApp ndi zabodza: zoti kampani ina ikugawa data yaulere pokondwerera tsiku lobadwa, zoti bungwe lina likulemba ntchito anthu masauzande, zoti pali ndalama za thandizo mungolembetsa. Chizindikiro chake chimakhala chimodzimodzi. Amakuthamangitsani kuti mwayi utha lero, amakufunsani nambala ya foni ndi zinsinsi zanu, kenako amati tumizani uthengawu ku magulu angapo kuti mulandire. Bungwe lenileni lolemba ntchito silifuna kuti mufowade uthenga ku magulu, ndiponso silipempha ndalama ya fomu pa nambala ya munthu. Chinyengo chofuna kukuberani zinsinsi mwa njira imeneyi chimatchedwa phishing. Achinyamata ofuna ntchito ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndalama imene amatumizayo nthawi zambiri amakhala atachita kubwereka.

Masamba onsewa, zithunzi zanu za pa Facebook ndi maimelo anu zimasungidwa pa makompyuta akuluakulu osazimitsidwa usana ndi usiku, otchedwa maseva. Mukamva anthu akunena za cloud akunena makompyuta omwewa, a kampani ina, amene ali m'nyumba zazikulu kumaiko ena. Kudawuniloda ndi kukoka chinthu kuchokera kumeneko kubwera m'foni mwanu. Kuapuloda ndi kuchotsa m'foni kupititsa kumeneko, monga mukamaposita chithunzi kapena kutumiza satifiketi pa fomu yofunsira malo a sukulu. Zonse ziwiri zimadya data.

Phindu la cloud ndinaliona bwino pa mayi wina wogulitsa nsomba amene foni yake inabedwa mumsika. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali manambala a anthu amene amawatumizira usipa kuchokera kunyanja, ndi zithunzi za malemu amuna awo. Anabwera ndi foni ina yogula kwa munthu, atataya mtima. Ndinawafunsa ngati foni yakaleyo inali ndi akaunti ya Google. Sankadziwa, koma anaimbira mwana wawo wamkazi amene ali ku Lilongwe, ndipo zinapezeka kuti mwanayo ndi amene anawatsegulira akauntiyo ndipo pasiwedi anailemba m'kope. Titailowetsa m'foni yatsopano, manambala anayamba kubwerera limodzilimodzi. Zithunzi zinabwera zina, zina ayi, chifukwa kusunga zithunzi kunali kutazimitsidwa pakati. Mayiwo anakhala chete pabenchi kwa kanthawi akuyang'ana zimene zinabwerazo, kenako anati, "Mwana wanga, Mulungu akudalitse, ndimaona ngati zapita ndi wakuba uja." Akaunti ya Google imakupatsani malo a GB 15 aulere. Mukamasunga nambala ya munthu foni ikakufunsani koisunga, sankhani pa akaunti ya Google, chifukwa zosungidwa m'foni mokha kapena pa simu zimapita pamodzi ndi foniyo.

Apa tafika pa akaunti. Akaunti ndi malo anu pa Facebook, pa Gmail kapena kwina kulikonse, ndipo kuti mulowemo pamafunika zinthu ziwiri, dzina lolowera ndi pasiwedi. Imelo ndiyo akaunti yofunika kuposa zonse chifukwa zinazo zimatsamira pa iyo. Adiresi ya imelo imakhala ndi chizindikiro cha @ pakati, chimene Ray Tomlinson anachisankha mu 1971. Kumanzere kuli dzina lanu, kumanja kuli kampani imene ikusungirani makalata. Ngati chizindikirochi palibe, imeneyo ndi adiresi ya webusaiti, ndipo kalata siingapite kumeneko. Ofunsira ntchito ndimawalangiza zinthu zochepa. Imelo yanu ikhale ndi dzina lanu lenileni, chifukwa dzina lachibwana limene munasankha muli Fomu 2 limachotsa ulemu pamaso pa olemba ntchito. Mzere wa Subject musausiye wopanda kanthu, lembanipo udindo umene mukufunsira. CV ndi masatifiketi muzizimata ngati attachment, podina kachizindikiro kooneka ngati kopanira mapepala, ndipo zikhale za PDF kuti zisasokonekere zikatsegulidwa pa kompyuta ina. Gmail salola zomata zopitirira ma MB 25 pa kalata imodzi. Mukatumiza, muziyang'ana mu Inbox komanso mu Spam, mmene mumagwera makalata okayikitsa, chifukwa ndaonapo kalata yoitana munthu ku mafunso itagona mu Spam mpaka tsiku kudutsa.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali, ndipo siikhala chaka chimene munabadwa, dzina la mwana wanu kapena nambala ya foni yanu. Tengani mawu angapo osagwirizana a Chichewa kapena Chitumbuka, muwalumikize, muikemo manambala. Kuilemba m'kope limene limakhala kunyumba pamalo obisika ndi kwabwino kuposa kugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi yosavuta paliponse. Akauntiyo muimangirirenso ku nambala ya foni imene mukuigwiritsabe ntchito, kuti mukaiwala pasiwedi akutumizireni njira yobwezera. Anthu ambiri anataya ma Facebook awo chifukwa anawatsegula ndi simu imene anaitaya kale.

PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba ndi yanu nokha. Ejenti saifuna, wogwira ntchito ku kampani saifuna, wapolisi saifuna. N'chimodzimodzi ndi manambala amene amabwera pa SMS mukamalowa mu akaunti kapena mukamalipira, amene ena amawatcha OTP, ena amangoti kodi. Amagwira ntchito kamodzi kwa mphindi zochepa, ndipo cholinga chake ndi kutsimikiza kuti amene akulowayo ali ndi simu yanu m'manja. Mukamuwerengera munthu pa foni, mwamutsegulira nokha. WhatsApp zambiri zimene zabedwa kuno zinapita choncho. Uthenga umabwera kuchokera ku nambala ya munthu amene mumamudziwa, mwina mkulu wa mpingo kapena alamu anu, wonena kuti "ndakutumizirani manambala 6 molakwitsa, tandibwezereni". Munthuyo WhatsApp yake inabedwa kale, ndipo amene akulemba ndi wakuba. Mukangotumiza, yanu nayo yapita, ndipo abale anu amayamba kulandira mauthenga oti mwagonekedwa m'chipatala atumize ndalama. Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere. Lowani mu Settings, kenako Account, muyatse Two-step verification, muike manambala 6 anuanu amene wakuba sangawapeze pa SMS. Ndipo uthenga uja wotchuka wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" musauyankhe. Imbirani kaye mwini wake pa nambala imene mukuidziwa kale, mumve mawu ake.

Pena anthu amaganiza kuti pa intaneti palibe lamulo. Lilipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Electronic Transactions and Cyber Security Act, imene imakhudza kuba, kuopseza ndi kuzunza anthu kudzera pa makina, ndipo bungwe loyang'anira za mauthenga ndi MACRA, limene linakhazikitsidwa mu 1998. Masimu athu analembetsedwa ndi ziphaso za unzika, kotero nambala iliyonse ili ndi dzina kumbuyo kwake. Musalole kuti wina alembetse simu pa chiphaso chanu, ngakhale akulonjezeni kangachepe. Komanso kumbukirani kuti chimene mwalemba m'gulu wina akhoza kuchijambula sikirinishoti, ndipo chikatero ngakhale muchifufute chimakhala chapita kale.

App ndi pulogalamu ya m'foni. Malo oyenera kuzitenga ndi Play Store pa mafoni a Android ndi App Store pa ma iPhone. Anyamata ambiri oika nyimbo m'mafoni amaikira anthu ma app ochokera kwina, mafailo othera ndi apk, kuphatikizapo ma WhatsApp achilendo olonjeza kuti muziwerenga mauthenga ofufutidwa. Ine sindiwaika m'foni ya munthu aliyense. Palibe akudziwa zimene anabisamo, ndipo eni WhatsApp amatha kutseka nambala imene ikuwagwiritsa ntchito. App ikamalowa imapempha zilolezo, ndipo muziwerenga zimene ikupemphazo. Tochi ilibe chifukwa chofunira manambala a anzanu. Ma app ena a ngongole amapempha chilolezo chimenechi kuti mukachedwa kubweza aziimbira abale anu kukuchititsani manyazi. Foni ikanena kuti pali update, imeneyo ndi yokonza zolakwika ndi kutseka mipata imene akuba apeza, ndiye muziilola mukapeza Wi-Fi.

Mukalowa mu imelo kapena mu Facebook pa kompyuta ya kushopu, ya kuntchito kapena pa foni ya mnzanu, kutseka tsamba sikukwanira. Fufuzani pamene alemba kuti Log out kapena Sign out, mudine, ndipo browser ikafunsa ngati isunge pasiwedi muikanize. Foni mukafuna kuigulitsa kapena kupatsa m'bale, yambani mwatsimikiza kuti manambala ndi zithunzi zasungidwa pa akaunti yanu ya Google, tulutsani simu ndi memore khadi, chotsani akauntiyo m'foni, kenako muchite factory reset, kutanthauza kufufuta zonse za m'foni. Mukaiwala kuchotsa akaunti, foni ina imadzitseka ikafufutidwa n'kumafuna pasiwedi ya mwini wake wakale, ndipo wogulayo adzakusakani. Inunso mukamagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, muuzeni wogulitsayo aifufute inu mukuona, muiyatse, mulowetse akaunti yanu pomwepo, ndipo ndalama mupereke foniyo ikatseguka.